Dizilo m'Mabango a Abambo Anga

Abambo anga anali mkamwini m'mudzi wa kwawo kwa amayi, chakufupi ndi ku Ludzi, ndipo ankasoka mphasa. Fodya ankalima pang'ono monga amuna ena onse, koma pamsika anthu ankangowadziwa kuti bambo aja a mphasa. Nthawi imene ndikukambayi ine ndinali nditabwerera pakhomo, banja langa litatha ku boma. Alongo anga onse anali atakwatira kutali. Choncho pakhomo tinatsala abambo, amayi ndi ine, ndipo ntchito yosenza mphasa kupita nazo kumsewu inagwera ine.

Bango ankalidula kudambo la kunsi kwa msewu wa tala wopita ku boda. Pali kamtsinje kochokera kumapiri, kamene kamadutsa pansi pa msewuwo m'mapaipi akuluakulu a simenti. Nthawi ya dzinja madzi ankatuluka m'mapaipimo ali ofiira, athovu, akugubuduza timiyala, moti mwana sankaloledwa kuyandikira. Koma akangolowa m'mabango ukali wonse unkatha. Ankagawikana, kuzungulira tsinde ili ndi ilo, kubwerera m'mbuyo, mpaka osadziwikanso kuti akulowera kuti. Kutsidya kwa dambo ankatuluka oyera, akuyenda pang'onopang'ono pamchenga.

Ndili wamng'ono abambo ankakonda kundisonyeza zimenezi ndi makoko a mtedza. Ankawaponya pamwamba pa madzi pafupi ndi mapaipi, ine n'kumawathamangira m'mbali. Poyera pamenepo makoko ankapita ngati akuthawa munthu. Akafika m'mabango ankayamba kuzungulirazungulira, ena n'kukodwa, ena n'kuima. Mawa lake tikabwera tinkawapeza ali pomwepo, atangosuntha pang'ono.

"Waona?" ankatero abambo. "Chimene chalowa muno sichituluka msanga. Matope a kumsewu, ndowe za ng'ombe, sopo wa ochapa, zonse zimatsalira muno. Akwathu kumunsiku amamwa zosefa."

Akwathu amene ankanenawo anali anthu a m'mudzi umene iwo anabadwira, kumunsi kwa dambo. Kumeneko kunali mlongo wawo mmodzi yekha, azakhali anga, amene anawalera makolo awo atamwalira. Mudzi umenewo unalibe mjigo. Anthu ankakumba zitsime mumchenga m'mbali mwa kamtsinje, ndipo madimba awo a mpiru ndi tomato ankathirira madzi omwewo. Abambo akamadula bango sankamaliza mbali yonse. Chaka chino ankadula uku, chaka chamawa uko, pakati n'kusiya. Sanali okha odula, koma anzawo ambiri anali atasiya ntchitoyo n'kuyamba kupalasa kabaza, ndiye dambo linangokhala ngati lawo, ngakhale kuti mkamwini alibe malo pamudzi.

Ngozi inachitika m'mawa, kumapeto kwa dzinja, chimanga chitayamba kukhwima. Ine ndinali kuseri kwa nyumba kutsuka mbale pamene tinamva chiphokoso ngati denga la malata lagwa, kenako zii. Posakhalitsa anthu anayamba kuthamangira kumsewu. Galimoto ya thanki yonyamula dizilo, yopita ku Zambia, inali itaphonya msewu n'kugona cham'mbali pamwamba penipeni pa mapaipi aja. Dalaivala anatuluka wamoyo, atangong'ambika pamphumi. Thanki inali itabooka, mafuta akutsika m'ngalande ngati madzi a mvula.

Amene anali ndi zigubu anabwera ndi zigubu, ena ndowa, ena mpaka mapoto. Apolisi atafika anawabalalitsa. Ine ndinaima patali ndi amayi, titaphimba mphuno ndi zitenje. Nditayang'anayang'ana abambo pagulupo sindinawaone. Ndinawapeza kumunsi, ataima m'madzi olekeza m'mawondo, pamene kamtsinje kamalowera m'mabango. Pamwamba pa madzi panali mitundu ngati ya utawaleza, ikudzipinda n'kulowa pakati pa mitsinde. Abambo anali atadula nthambi n'kumayesa kukankhira mafutawo kumtunda, ngati mmene munthu amapirikitsira nkhuku.

"Ababa, tulukanimo, n'zoipa zimenezo," ndinatero.

"Thamanga kwa azakhali ako," anayankha osandiyang'ana. "Ukawauze asatunge lero. Aliyense asatunge."

Ndinathamanga. Ndinapeza azimayi ali kale pazitsime, ndipo nditanena anatsitsa ndowa. Tinakhala pamchenga kudikira kuti mafuta afike. Tinadikira mpaka dzuwa kupendeka, madzi akungodutsa oyera ngati masiku onse. Azakhali anatapa m'manja n'kununkhiza, kenako analawa.

"Palibe kanthu, mwana wanga. Achimwene ndi amantha chabe," anatero akuseka.

Mawa lake kunalibenso kanthu, mkuja wake chimodzimodzi. Eni ake a galimoto anatumiza ina yodzaikoka, anathira mchenga pamsewu, anatsikira kumunsi kukaona madzi, napeza ali oyera, n'kupita. Anthu a kwa azakhali anayambiranso kutunga. Mafuta onse aja anali atatsalira m'dambo.

Ndinalowamo ndi abambo patapita masiku angapo. Fungo linkalasa m'mutu munthu usanafike n'komwe. Tsinde lililonse la bango linali ndi mkanda wakuda pamene madzi ankalekeza. Achule anali chagada. Milamba, imene imapirira ngakhale m'matope ouma, inali itayandama mimba zili m'mwamba, ndipo panali kakowa mmodzi amene ankayesa kuuluka koma mapiko atamatirira. Atchete amene ankasokosera m'mabangomo tsiku lonse anali atasiya zisa zawo zikulendewera. Abambo anazika ndodo m'matope n'kuizula. Pabowopo panatuluka dontho la mafuta, linakwera pamwamba n'kufalikira.

Anapukuta ndodoyo paudzu ndipo tinabwerera kunyumba.

Bango limene anali atadula kale lisanaonongeke linatha msanga. Chilimwe chitayamba anapita kukadula kutsidya, kumene ankaganiza kuti mafuta sanafike. Analiyanika, analing'amba, analipala, nasoka mphasa zokongola ngati kale, ndi chingwe cha khonje chopota okha. Ine pozisenza sindinamve fungo lililonse, mwina chifukwa mphuno zathu zinali zitazolowera. Koma tsiku lina ndili pamsewu kunabwera mayi wina wa ku esiteti, wa chilankhulo cha kummwera, atanyamula mphasa imene anatenga kwa ine sabata yapitayo, khanda lili kumsana.

"Amayi, pepani, sindikufuna mkangano," anatero. "Koma dzuwa likatentha m'nyumba, mphasayi ikumanunkha galimoto. Mwanayu ndikamugoneka akumangolira. Taonani msanawu."

Anamasula mwanayo n'kundionetsa totupa tofiira. Sindikudziwa ngati tinali ta mphasa kapena ta thukuta, koma nditaika mphuno pamphasapo padzuwa ndinalimva fungolo. Nditafika kunyumba ndinayesa kubisa, koma abambo anaona kuti ndabwerera ndi mphasa yogonedwa kale. Anainunkhiza, nanunkhiza zina zonse zimene zinali pakhonde. Kenako anazikokera kudzala n'kuziyatsa. Amayi anathamanga kuti alanditseko ziwiri zoyanikira ufa, koma abambo anawaletsa.

"Ufa wake adye ndani?" anafunsa.

Kuchokera tsiku limenelo sanasokenso mphasa.

Vuto linayamba kumunsi. Kukagwa kamvula ka mwadzidzidzi, kapena ng'ombe zikalowa m'dambo n'kuvundula matope, timafuta pang'ono tinkatuluka n'kukaoneka pazitsime. Sitinali tambiri, koma tiyi ankamveka kukhosi. Pakapita masiku awiri timafutato tinkasowa, kenako n'kubweranso. Anthu anatopa nazo. Mdzukulu wa azakhali, kamtsikana koyamba kumene kuyenda, anadwala m'mimba mpaka kugonekedwa kuchipatala. Anachira, koma azakhali sanabwerere mwakale. Lamulungu lina, titatuluka m'tchalitchi, anatilondola mpaka kunyumba. Anakana mpando, nakhala pansi pakhonde.

"Achimwene, mabango anu aja akutisungira poizoni," anayamba. "Akanakhala kuti palibe, mafuta aja akanadutsa tsiku limodzi n'kupita kutali, ife n'kuiwala. Pano tikumwa pang'onopang'ono ngati mankhwala a kuchipatala. Anthu akuti tiwotche."

"Akanadutsa tsiku lija, chemwali, mukanamwa onse pakamodzi," anayankha abambo. "Simukumbukira? Azimayi anali kale pachitsime."

"Zimenezo zinapita. Ndikunena za lero."

"Lero mafuta ali m'matope, mizu ndi imene yawagwira. Mukawotcha, mvula ikabwera idzakokolola zonse kubwera nazo kwa inu."

"Nanga tizingomwa? Mwana uja mukanamuona mmene analili, maso atalowa m'kati. Inu kuno muli ndi mjigo. Mwaiwala kumene munabadwira."

Mawu omalizawo anawapweteka abambo. Anayang'ana zala zawo.

"Ndipatseni chilimwe chino," anatero kenako. "Ndichotsa ndekha. Ndidula mabango akudawo, matopewo ndiwatulutsa. Otsalawo muwasiye."

Azakhali anadzuka n'kukutumula chitenje. Sananene kuti inde kapena ayi.

Abambo anayamba mawa lake lomwe. Ankalowa m'dambo m'mawa ndi chikwanje, khasu ndi ndowa. Ankadula mabango akuda a mbali ya kumsewu, kuwamanga mitolo, ine n'kumasenza kupita nayo pamtunda pouma. Kenako ankakumba matope a pamwamba n'kumathira m'dzenje limene anakumba kutali ndi madzi. Dambo linali lalikulu, munthu anali mmodzi. Anapempha amuna a m'mudzi mwathu kuti athandize, koma inali nthawi yokonza nazale za fodya, ndipo ena anawauza poyera kuti madzi ake sakumwa ndi iwo. A kumunsi anabwera awiri tsiku limodzi, mutu unawapweteka, sanabwerenso.

Jombo analibe. Miyendo yawo inayamba kusuwa khungu, kenako kung'ambika m'zidendene ndi pakati pa zala. Chitsa cha bango chodulidwa chimakhala chakuthwa ngati mpeni, ndipo tsiku lina chinawabaya kuphazi lamanzere. Anangomanga kansalu n'kulowanso. Madzulo amayi ankawatenthetsera madzi amchere, iwo n'kuviika mapazi m'beseni, fungo la dizilo lili m'zovala, m'tsitsi, ngakhale m'mpweya wawo.

"Inu, mukudzipha chifukwa cha anthu amene sakukuthokozani," amayi ankatero akuwapukuta.

"Si anthu, ndi mlongo wanga," ankayankha.

"Mlongo wanuyo wabwera kangati kudzaona phazili?"

M'mawa ndikadzuka ndinkapeza abambo atanola kale chikwanje.

Ndinene zoona, ntchito ija inkaoneka. Pofika Seputembala mbali ya kumsewu inali itayera, ndipo pamene anayamba kudula panali patatuluka timphukira tobiriwira. Abambo anandiitana kuti ndidzaone. Anagwada m'matope n'kugwira kamodzi ndi nsonga za zala, nandiuza kuti ndinunkhize. Kankanunkha udzu basi. Tsiku limenelo anadya bwino, ndipo anaseka ndi amayi za mbuzi yathu imene inali italowa m'khitchini. Koma pakati pa dambo, pamene madzi ankaimirira osayenda, mafuta anali akadali ambiri, ndipo madzi atachepa chifukwa cha dzuwa fungo la kuzitsime linakula m'malo mochepa.

A kumunsi anawotcha dambo mu Okutobala, masana, dzuwa lili paliwombo. Abambo tsiku limenelo sanapite kudambo chifukwa phazi linali litatupa mpaka m'kakolo, ndipo amayi anali atabisa chikwanje. Ine ndinali kuphika masamba a maungu ouma pamene ndinaona utsi. Sunali utsi wa lupsa umene tinazolowera. Unali wakuda bii, wonenepa, ukukwera molunjika. Mabango ankaphulika ngati mfuti. Abambo anatuluka m'nyumba akutsimphina, atagwira ndodo, ndipo tinalephera kuwabweza. Ndinawagwira mkono mpaka pachulu cha pafupi ndi msewu.

Kutsidya kunali amuna a kumudzi kwawo ataima ndi nthambi zozimitsira moto kuti usalowe m'minda. Ambiri anali abale awo, anthu amene anakula nawo. Kumbuyo kwawo kunali azimayi, ndipo ndinazindikira chitenje cha azakhali. Abambo anakweza ndodo n'kufuula kanthu, koma moto unali ndi phokoso lalikulu, palibe anamva. Anatsitsa ndodo ija. Tinaima pamenepo mpaka moto unafika pa timphukira tija, tinafota tisanapse n'komwe. Magalimoto a pamsewu ankadutsa atayatsa nyali masana.

"Tiyeni, Ababa," ndinatero.

"Akanandidikira mwezi umodzi," ananena. Anabwerezanso kawiri tili m'njira, osati kwa ine.

Moto wa pamwamba unazima tsiku lomwelo, koma wa pansi unapitirira. Matope ouma aja ndi mizu zinkanyeka mwakachetechete, utsi ukutuluka m'ming'alu kwa masiku ambiri. Mwaye unkagwera pa ufa woyanika ndi pa zovala. Utatha, dambo linali bwalo la phulusa, ndipo kwa nthawi yoyamba pamoyo wanga ndinkatha kuima pamsewu n'kuona madenga a kwa azakhali.

Kumunsi anthu anasangalala kwa kanthawi. Fungo linachepa. Ena anayamba kale kugawana malo a phulusawo kuti adzalimepo madimba.

Mvula yoyamba inagwa yamphamvu. Ndinapita kukaona itangokata. Madzi anatuluka m'mapaipi aja ndi ukali wawo wa nthawi zonse, koma tsopano panalibe chowagwira. Anapita molunjika, akuwinduka, akudya nthaka mbali zonse. Phulusa, makala a mizu, matope akuda amene moto sunawafike, zonse zinasakanikirana n'kusanduka phala lonunkha limene linatsetserekera kumunsi. Pofika madzulo zitsime zonse zinali zitakwiririka. Madimba a m'mbali mwa kamtsinje anakutidwa ndi matope akuda, tomato ndi mpiru zinapsa ngati zathiridwa madzi otentha. Anthu anayesa kukumba zitsime zina chapatali, koma mchenga wonse unali utamwa mafuta. Mbuzi zimene zinamwa m'zithaphwi zinatsegula m'mimba, zina zinafa. Mvula yachiwiri ndi yachitatu zinakumba chigwembe pakati pa dambo, chakuya kuposa msinkhu wa munthu.

Nditabwerako tsiku loyamba lija abambo anandifunsa zimene ndaona. Ndinawauza zonse. Ndinkaganiza kuti mwina anena kuti iwo anawachenjeza anthu aja, koma anangofunsa ngati madzi afika panyumba ya azakhali. Ndinati ayi. Anati chabwino, n'kugona chotembenukira kukhoma.

Phazi silinapole. Bala linada, linayamba kununkha, ndipo tinawakweza pakabaza kupita nawo kuchipatala. Kumeneko anapeza kuti ali ndi matenda a shuga, amene mwina anali nawo kwa zaka osadziwa, ndipo n'chifukwa chake bala linkakana kupola. Anthu amandifunsa ngati dizilo ndi amene anawapha. Sindidziwa. Adokotala anati shuga. Ine ndimangodziwa kumene phazi lija linabayidwira ndi chimene ankafunako. Anadula zala, kenako phazi, kenako mwendo kulekeza m'bondo. Nthawi iliyonse abambo ankavomera mosavuta, ngati akunena za mwendo wa munthu wina. Chakudya ankangolawa. Manja awo, amene anali olimba ngati chikopa chifukwa cha bango, anafewa n'kuyera, ndipo ankangowayang'ana ali pabedi.

Azakhali anabwera kamodzi, masana, nthawi yoona odwala. Anali ataonda. Ananyamula nthochi m'kambale. Amayi atawaona pakhomo la wodi anadzuka n'kutuluka osapereka moni, ine ndinatsala. Azakhali anakhala pansi pafupi ndi bedi, maso ali pa bulangeti pamene panayenera kukhala mwendo.

"Achimwene," anatero.

"Mwabwera, chemwali. Kunyumba ali bwanji?"

"Ali bwino."

"Kamwana kaja?"

"Kakuthamanga tsopano."

"Madzi mukutunga kuti?"

"Kumjigo wa kusukulu."

"Kutali kumeneko. Ndi msana wanuwo mukutha?"

Azakhali anayamba kulira, osatulutsa mawu, mapewa okha akugwedezeka. Anagwira chitsulo cha bedi.

"Achimwene, tsiku lija ine ndinali pomwepo. Ndinawauza ndine kuti..."

"Mwana anadwala," anawadula abambo. "Ndikanakhala ine ndikanatani? Zisiyeni. Ndisendereni nthochi imodzi."

Anawasendera. Abambo analuma kamodzi, yotsalayo anaigwira m'manja mpaka nthawi yoona odwala inatha. Azakhali potuluka anandigwira dzanja pakhonde, ngati akufuna kunena kanthu, koma amayi anali ataima chapomwepo, ndiye anangopita. Abambo anamwalira chimanga chisanamasule ngayaye. Bala la pabondo linali litalowa m'magazi.

Pamaliro panabuka nkhani ya kumene akaikidwe. Akwawo ankafuna kuti mtembo upite kumudzi kumene anabadwira, monga mwa mwambo. Amayi, amene moyo wawo wonse sindinawamvepo akukweza mawu pagulu, anaimirira pakati pa anthu.

"Munamuwotcha ali moyo, mukufuna mukamutani atafa?" anatero.

Azimayi a mphakati anawagwira n'kuwalowetsa m'nyumba. Akuluakulu a mbali zonse anakambirana kuseri, ndipo pomaliza akwawo anagonja. Abambo anaikidwa m'mudzi wa chikamwini, kumene anakhala zaka zonsezo opanda malo awoawo. Azakhali anakhala kumapeto kwa gulu, sanalowe m'nyumba ya siwa, ndipo anachoka anthu asanadye.

Papita zaka tsopano. Ine ndimaphika ndi kugulitsa chakudya pa boda, ndimapita kumudzi kumapeto a mwezi. Chigwembe chija chikukulirakulira dzinja lililonse, chinadya madimba amene anthu anagawana, ndipo chayandikira msewu moti anabwera kudzathirapo miyala. Kamtsinje kamadzaza tsiku limene mvula yagwa, mawa lake n'kuuma. Kale madzi ankapezeka mpaka Novembala. Mabango alipo ochepa m'mbali, oonda, mbuzi zimawadya asanakule. Anthu a kumunsi anawakumbira mjigo patapita nthawi, koma umafa kawirikawiri.

Amayi ndi azakhali sanalankhulanenso. Ankapemphera tchalitchi chimodzi, wina mbali iyi, wina mbali iyo, ndipo pa nthawi yopatsana mtendere aliyense ankayang'ana kwake. Ine ndinkapita kwa azakhali mozemba, kuwatengera sopo ndi shuga. Sankatchula za moto, inenso sindinkatchula. Ankangondifunsa ngati manda a achimwene awo akulambulidwa, ndipo kamodzi anandipempha kuti ndikawaperekeze amayi kulibe. Tinapita. Anazula udzu ndi manja, anapemphera, tinabwerera njira yodutsa kuseri kwa mudzi.

Azakhali anamwalira chaka chatha m'chilimwe. Uthenga unandipeza ndili kumudzi. Ndinawauza amayi, amene anali pakhonde kusankha nyemba m'lichero.

"Amayi, tipite limodzi. Anali mlamu wanu."

"Pita iwe, ndi azakhali ako," anayankha. "Ine miyendo ikundipweteka."

Ndinapita ndekha. Mjigo unali utafanso sabata imeneyo, ndiye azimayi tinkatunga madzi a pamaliro kusukulu kuja. Ndinasenza ndowa maulendo angapo pamodzi ndi mdzukulu uja amene anadwala, tsopano ndi mtsikana wamkulu ndithu, wa sitandade yapamwamba. Sakudziwa chilichonse cha nkhaniyi. M'njira anandifunsa ngati n'zoona kuti agogo ake anali ndi mchimwene wosoka mphasa. Ndinati n'zoona. Anafunsa ngati ankasoka zabwino. Ndinati ankasoka zabwino kwambiri, ndipo ndinafulumira kutsogola kuti asaone nkhope yanga.

Nditabwerera kunyumba madzulo ndinapeza amayi ali pomwe ndinawasiya, moto osakoleza. Anandifunsa ngati kunali anthu ambiri. Ndinati analipo. Anafunsa ngati kwaya inaimba. Ndinati inaimba. Kenako anakweza nsonga ya chitenje n'kudziphimba kumaso, ndipo ndinakhala nawo pansi mpaka anamaliza kulira.